Chingwe cha Mwaiwathu

Sendeza chikunicho, Felesiya, moto ukudyera mbali imodzi. Nsomba izi zikapserera usadzati ndine ndinakutangwanitsa ndi nkhani. Nonsenu mwakhala mukundinena kuti Etinala ndi wamatama, munthu akamuonetsa mapu pa foni amayang'ana kumbali ngati waona chonyansa. Ndimakumvani bwinobwino, makutu anga sanagonthe. Lero poti mphepo yatiunjika pa uvuni umodzi ndipo tulo palibe, ndikuuzani chifukwa chake. Koma wina asandidule pakamwa.

Ine sindinayambire kuwamba nsomba ayi. Ndinali wa mu ofesi, wa nsapato zogogoda, padoko la bwana Chipala kumwera kwa nyanja kuno. Bwanayo anali ndi maboti awiri okoka khoka, Tiyese ndi Mwaiwathu. Inu obwera kumtunda, amene nsomba mumaidziwira m'dengu, mvetsani kaye apa. Maboti amenewa sagwira ntchito lililonse palokha. Khoka limakhala limodzi, lalikulu loti lingameze nyumba, koma zingwe zake ziwiri. Boti ili limagwira chingwe chake, linalo chake, ndiye amayenda limodzi ngati ng'ombe zapagoli, khoka likukwekwereza pansi pakati pawo. Wina akafulumira khoka limapotoka, wina akatalikira limang'ambika. Nthawi yoweruka ikakwana, maboti aja amayandikizana mpaka kukhudzana nthiti, wina n'kuponya chingwe chake kwa mnzake. Wolandirayo ndiye amatulutsa khoka ndi zonse zili m'menemo. Woponyayo yake yatha, akhoza kusamba m'manja n'kuloza kumudzi.

Kaputeni wa Tiyese anali achimwene anga, a Gelesomu, amene anandilera mayi athu atatisiya. Kaputeni wa Mwaiwathu anali amuna anga, Che Imedi, bambo a Sakina. Munthu ndi mlamu wake. Pamtunda sankagwirizana pa chilichonse. Wina wa ku tchalitchi, wina wa ku mzikiti. Wina wolongolola ngati wailesi, wina woumira mawu ngati amachita kugula pa golosale. Koma akalowa pamadzi mukanati ndi munthu mmodzi wa manja anayi. Woponya chingwe masiku onse anali bambo a Sakina, wolandira anali achimwene.

Boma litaletsa maboti akuluakulu kukoka pafupi ndi gombe, m'boti lililonse anaikamo kabokosi kouza kumtunda pomwe botilo lili. Ntchito yanga inali yoyang'anira zimenezo. Nyanja yonse inali pa galasi la kompyuta, maboti ngati timadontho. Ukadina pa kadontho, panatuluka mbiri yake yonse: dzina la boti, kutalika kwake, mphamvu ya injini, dzina la kaputeni, liwiro lake ndi kumene laloza. Pambali panali wailesi yolankhulirana ija timati ovaova. Akasendera ku madzi oletsedwa ndinkawakalipira, ndimvekere, "Achimwene, mukufuna mukalime chimanga kumtundako?" Ntchitoyo ndinkaikonda, sindikubisirani. Ndi mkazi uti pano amene amadziwa pomwe pali mwamuna wake tsiku lonse lathunthu?

Tsiku la ngozi kunacha bwino. Mwera unabwera masana mwadzidzidzi, iwo ali kuseri kwa chilumba cha Boadzulu. Khoka linakodwa pa mwala wapansi. Mwaiwathu anatembenuzika n'kupereka nthiti ku mafunde, madzi n'kuyamba kukhuthukiramo. Pomira anayamba kukoka Tiyese, poti khoka linawamanga pamodzi. Achimwene anatenga nkhwangwa n'kudula chingwe cha mbali yawo. Anapulumutsa anyamata awo onse, n'kuvuulanso ena a mu Mwaiwathu amene anadumphira m'madzi. Bambo a Sakina ndi anyamata awiri a ku injini sanapezeke. Boti, khoka ndi chingwe chawo, zonse zinatsika nawo. Ine ndinali ndikudya chinangwa chootcha pa desiki pamene ndinaona kadontho kamodzi kakuphethira, kenako pamalo pake panangotsala madzi.

Palibe amene anawaloza chala achimwene. Ngakhale abale a amuna anga, pa sadaka, anawagwira dzanja n'kuwauza kuti akanapanda kudula tikanalira maboti awiri. Chidutswa cha chingwe chimene chinatsalira ku Tiyese achimwene anachikulunga n'kuchiponya m'shedi yosungira dizilo. Munthu amene ankaseketsa doko lonse anasanduka wongogwedeza mutu.

Nditamaliza miyezi yanga yokhala m'nyumba monga mwa mwambo wa kwa amuna anga, ndinabwerera ku ntchito. Mwana sadya misozi. Ndinapeza bwana Chipala atagula boti lina, Khama, ndipo atalemba kaputeni wa ku Nkhotakota dzina lake Lekisoni, munthu wodziwa madzi koma wokonda kudzitama, kuti azikokerana ndi achimwene.

M'mawa woyamba maboti ananyamuka kusanache, ine n'kutsegula ofesi dzuwa likutuluka. Ndinayatsa kompyuta, n'kupita kukateleka madzi a tiyi. Pobwera ndinaona timadontho titatu.

Poyamba ndinati ndi ntchentche. Ndinapukuta galasi ndi nsonga ya chitenje, koma kadonthoko sikanachoke. Kanali kumanzere kwa Tiyese, pafupi kwambiri ndi Khama, kakuyenda liwiro lofanana ndi anzake. Ndinati mwina ndi boti la eni ake lasochera. Ndinadinapo. Panatuluka dzina lakuti Mwaiwathu, kutalika mamita khumi ndi awiri, injini yake ija, kaputeni Imedi Twaibu. Kapu ya tiyi inandipulumuka m'manja n'kukagubuduzika kunsi kwa desiki.

Mukufuna kudziwa kuti ndinamva bwanji? Mantha analipo, inde. Koma pansi pa manthawo panali chimwemwe, ndipo chimenecho ndicho chinandiopsa koposa. Ndinakhala ndikuyang'ana dzina la mwamuna wanga likuyenda panyanja ngati sipanachitike kanthu.

Ovaova inakhosomola. Anali Lekisoni.

"Ofesi, ofesi. Mayi, pali boti lina pafupi ndi ine?"

"Mukuona chiyani kumeneko, a Lekisoni?"

"Sindikuona kanthu, nyanja ili mbee. Koma chiwongolero chikundikana. Zikukhala ngati wina akundikankha ndi phewa kuti ndichoke pamalo pano."

"Talikirani pang'ono," ndinatero.

Ndinathamangira kwa bwana Chipala. Anabwera akutafuna mtedza, anawerama, anawerenga dzina lija, mtedza n'kuwaimira pakhosi. Anaitanitsa mnyamata wa makompyuta ku Blantyre, mwana waulemu wake, amene anandifotokozera modekha kuti kabokosi kali pansi pa madzi sikangatumize mawu kumtunda, ndipo batire yake inatha kalekale. Anati mwina kompyuta ikungobwereza maulendo akale. Anafufuta Mwaiwathu yense, dzina ndi mbiri yomwe, ine ndikuona ndi maso angawa. Ndinalira pang'ono, iye anayang'ana kumbali. M'mawa mwake timadontho tinali titatu. Nditamuimbira foni anati kwawo ku Blantyre akuona tiwiri tokha, ndipo anandifunsa ngati ndikumagona mokwanira. Bwana Chipala kuyambira tsiku limenelo anasiya kulowa mu ofesi yawo yomwe. Ankandifunsa zinthu ataima pawindo.

Ndiye tinthu tinayamba, ting'onoting'ono, toti ukauza munthu amakuseka.

Achimwene ndi Lekisoni ankakoka m'madzi apakatikati momwe mumapezeka chisawasawa, koma khoka linkatuluka ndi ndunduma, nsomba ya pansi penipeni, maso ali tong'o, mimba zitaphulika, zitapakika matope akuda ozizira ngati achokera mu fuliji. Amayi ogula nsomba ankazinunkhiza n'kuzibweza. Magolovesi ogwirira chingwe ankasowa mu Tiyese, lero awa, mawa awo, anyamata mpaka kumenyana potchulana akuba. M'shedi ya dizilo munayamba kumveka fungo la matope. Unali mwezi wa Okutobala, kunja kukuotcha koti buluzi amayenda chotsimphina, koma chidutswa cha chingwe chija chinali chonyowa, madzi akuchucha kuchokera podulidwa paja mpaka kupanga kathawale pa simenti. Mlonda anachiyanika padzuwa tsiku lonse. M'mawa chinali chikuchuchanso.

Pa ovaova, pakakhala kuti palibe akulankhula, pansi pa phokoso lija la ngati mvula ndinkamva injini. Injini ya Mwaiwathu ndinkaidziwa ngati chifuwa cha mwana wanga. Inali ndi kachilema, inkagunda katatu n'kupuma, kugunda katatu n'kupuma. Amakaniko onse a ku Mangochi analephera kuichiza.

Kenako panabwera nkhani ya Abiti Mdoka, mayi wa tiyirumu ya pamsewu wolowera kudoko. Iwo ankatsegula kusanache kuti asodzi amwe tiyi asananyamuke. Tsiku lina anabwera ku ofesi kwanga atafunda chitenje kumutu dzuwa lonselo, n'kutseka chitseko.

"Make Sakina, ndikuuze kanthu, koma usakomoke."

"Nenani, mayi."

"Lero kunabwera munthu. Anthu onse anali atanyamuka kale, ine ndikutsuka makapu. Anakhala pa benchi ya pakona, nyali ili kumsana kwake. Ndinati, tiyi wamkaka kapena wopanda? Sanayankhe. Ndinabwerezanso. Ndiye anafunsa, alamu anyamuka kale?"

"Nkhope munaiona?"

"Sindinafune kuiona, mwanawe. Ndinati eya, anyamuka. Potembenuka kuti ndiike kapu, pa benchi panalibe munthu. Koma benchiyo mpaka pano sinaume."

Kuyambira tsiku limenelo tiyirumu ya Abiti Mdoka inkatsegulidwa dzuwa litakwera. Asodzi ankadandaula, iwo ankangoti msana.

Chimene ndinkaona ine ndekha chinali cha nthawi yoweruka. Tiyese ndi Khama akamayandikizana kuti apatsane chingwe, kadontho kachitatu nako kankasendera, pang'onopang'ono, mpaka kukhudza Tiyese mbali inayo. Kankadikira pamenepo. Achimwene ankalandira chingwe cha Lekisoni, kutulutsa khoka, n'kuloza kudoko. Masiku oyamba kadontho kaja kankatsala pomwepo mpaka ine kuzimitsa kompyuta. Kenako kanayamba kuwatsatira. Lero kuwaperekeza pang'ono n'kuima. Mawa kupitirira pomwe kanaima dzulo. Sabata isanathe kanadutsa Boadzulu. Sabata inayo kanalowa m'madzi oletsedwa, momwe bambo a Sakina ali moyo sankapondamo ngakhale nsomba zitachita kuwaitana.

Achimwene ndinali nditawauza kuyambira tsiku loyamba. Anangoti, "Zamakina izo, mlongo," osandiyang'ana kumaso. Mu ofesi sankalowa.

Usiku wina kunali bata, kopanda ndi kamphepo komwe. Nyumba yanga inali kuseri kwa doko. Ndinadzidzimuka ndikumva injini chapatali pang'ono, pakamwa pa doko, isakuyandikira, isakutalikira. Kugunda katatu n'kupuma. Agalu a mudzi wonse, amene amauwa ngakhale tsamba likagwa, anali chete. Sakina anadzuka n'kukhala tsonga pa mphasa.

"Amama, ababa abwera?"

Ndinamugwira pakamwa n'kumufunditsa bulangeti kutentha konseko. Tinakhala choncho mpaka kunja kunayera.

M'mawa anyamata a mu Khama anakana kukwera boti. Lekisoni, wodzitama uja, anakhala pa mgolo wa dizilo akusuta fodya wotsatizana, amvekere iye anabwera kudzagwira nsomba, osati kudzalimbirana malo ndi anthu osaoneka. A mu Tiyese nawo anayamba kusowa mmodzimmodzi, wina mutu, wina maliro a azakhali. Maboti onse awiri anagona padoko.

Cha m'ma teni achimwene analowa mu ofesi. Anavula chipewa ngati alowa m'tchalitchi.

"Tandionetsa."

Ndinawalozera. Timadontho tiwiri tinali padoko. Kachitatu kanali pakamwa pa doko, kataima, kataloza kwa ife. Ndinadinapo. Anawerenga pang'onopang'ono, milomo ikugwedezeka, poti sukulu sanapite nayo patali. Atafika pa dzina la kaputeni anakhala pansi.

"Sanaweruke," anatero.

"Mukuti chiyani, achimwene?"

"Alamu sanaweruke. Ine ndinadula changa n'kubwera kumudzi. Iwo chawo chikadali m'manja. Munthu sungasiye khoka m'madzi n'kumapita, Etinala, umadikira mnzako alandire. Miyezi yonseyi akungoyenda pambali panga kudikira kuti nditambasule dzanja, ine n'kumalandira cha mlendo iwo akuona."

"Ndiye tiitane ashehe adzapemphere. Tiitane abusa. Onse awiri ngati n'kotheka."

"Ashehe anapemphera kale pa sadaka. Ashehe salandira chingwe."

Ndinagwada, ine wa nsapato zogogoda, pa simenti ya ofesi. Ndinawauza kuti asiye nyanja, apite kwa malume ku Ntcheu akalime mbatata, apite ku Joni, kulikonse kopanda madzi. Ndinawauza kuti mwamuna ndataya kale, wotsala ndi iwo okha, ndipo Sakina alibe wina womutcha malume. Ndinalira mpaka mamina. Anandidikira kuti ndimalize.

"Lero ali apo," analoza pa galasi. "Mawa akhala pa jeti. Ine ndikathawa, chingwecho aponyera ndani? Pa jeti paja ana amasambirapo. Sakina amatsukirapo mbale."

Ndinawakwiyira chifukwa ankanena zoona.

"Ine sindingawaone," anapitiriza. "Amene ukuwaona ndiwe. Undilondolere pa ovaova. Ndiwatulutsa kaye kuno, tikapatsirane kwakuya, kumene tinasiyana."

Ananyamuka okha dzuwa litapendeka, nthawi yomwe maboti amakhala akukonzeka kuweruka. Mkulu wa ku injini anafuna kukwera nawo, iwo anamutsitsa. Anthu anadzaza pa jeti. Nyanja inali yosalala ngati mafuta, ndipo kutali cha kum'mawa nkhungu, tizilombo touluka ta panyanja tija, zinali zitaima ngati utsi. Ine ndinadzitsekera mu ofesi, ovaova m'manja.

Tiyese atangodutsa pakamwa pa doko, kadontho kaja kanatembenuka n'kutenga malo ake akale kumanzere. Anayenda limodzi, mpata wake womwe uja, liwiro lake lomwe lija. Ndikanama ndikati sizinali zokongola. Palibe maboti ena panyanja ino amene ankayenda mofanana chotero.

"Ali nane?" anafunsa achimwene.

"Ali nanu. Kumanzere."

"Ndikumva injini yawo."

Atafika kuseri kwa Boadzulu anachepetsa moto. Kadontho kaja nako kanachepetsa.

"Tiye, mlongo. Ndiuze."

Tsono mvetsani, anzanga. Ine ndi pakamwa pangapa ndinayamba kuwalondolera achimwene anga kwa mwamuna wanga wakufa. Khoterani kumanzere pang'ono. Basi, wongolani. Akubwera, musafulumire. Kumanzerenso. Mawu anga ankatuluka bwinobwino ngati tsiku lina lililonse la ntchito, koma chitenje changa chinali chitanyowa ndi thukuta. Mpata unachepa, unachepa, mpaka timadontho tiwiri tinakhudzana.

"Mwafika," ndinatero.

Pa ovaova panamveka kugunda, kwa thabwa pa thabwa, monga boti likakhudza linzake. Achimwene anapuma mwamphamvu. Anasiya ovaova yotsegula, ndiye ndinkamva zonse. Ndinamva mapazi awo akupita kumbuyo kwa boti.

"Alamu," anatero. "Ndine. Ndachedwa, pepani. Ponyani."

Phokoso lija la ngati mvula linaleka. Kenako panagwa chinthu cholemera ndi chonyowa pa matabwa. Ndinamva achimwene akuchikoka, akuchizunguliza pa chitsulo cha kumbuyo momwe ankachitira masiku onse, akubuula pomanga mfundo.

"Ndalandira, alamu. Ndalandira."

Pa galasi kadontho ka Mwaiwathu kanaphethira kamodzi n'kuzima. Injini ya kachilema ija inagunda katatu, inapuma, ndipo sinagundenso. Ndinamva ngati amuna anga amwalira kachiwiri, koma nthawi ino mtima unatsika pansi. Ndinati zatha.

"Etinala, ukuwaona?"

"Ayi, achimwene. Apita."

"Chabwino. Akapume, anatopa."

"Tsono bwererani. Masulani chingwecho muzibwera."

Ndinayang'ana pa galasi. Tiyese anali ataloza kudoko, injini ikulira mwamphamvu pa ovaova, koma kadontho kake kankayenda chobwerera m'mbuyo, kulowera kwakuya. Ndinadinapo kuti mwina maso anga ndi amene akunama. Kumene laloza, kudoko. Kumene likupita, kwina.

"Achimwene, mukubwerera m'mbuyo!"

"Ndikudziwa. Khoka likulemera, mlongo. Lakhala likukoka miyezi yonseyi osatulutsidwa."

"Masulani!"

"Mfundo yamangika. Ndiponso wolandira ndiye amatulutsa. Ukudziwa iwe."

"Dulani! Nkhwangwa ili pomwepo pa chitseko cha injini, dulani!"

Ndinamva madzi akukhuthukira pa matabwa. Ndinamva mabokosi a nsomba akugubuduzika kupita kumbuyo. Pamene anayankha, mawu awo anali odekha, ngati a munthu amene wakhala pakhonde pake.

"Ndinadula kamodzi, Etinala. Waona wekha chimene chinatsatira. Ndikadulanso chidzabwera kwa ndani?"

Ndinawatukwana. Achimwene anga ondilera, ndinawatukwana mawu oti sindingawabwereze pano. Kenako ndinawapempha m'dzina la mayi athu. Iwo anangoti ndisasiye kulankhula, ndiziwauza pomwe ali, poti kumeneko nkhungu zawakuta ndipo sakuonanso chilumba. Ndinatsegula windo n'kukuwira anthu a pa jeti. Lekisoni, Mulungu amudalitse komwe ali, anataya fodya n'kulumphira mu Khama, amuna ena n'kumutsatira osafunsa. Ine ndinabwerera pa ovaova n'kumachita zimene achimwene anandipempha. Muli kum'mawa kwa Boadzulu, achimwene. Mukusendera kumpoto. Khama wanyamuka, akubwera, limbani. Ankayankha kuti eya, eya. Kenako ankangoti mm. Kenako ovaova yawo inangotsala ndi phokoso la mvula lija.

Koma kadontho ka Tiyese sikanazime. Kanaima malo amodzi, kowala bwinobwino. Ndinati ali moyo, injini yokha ndiyo yazima, madzi alowa mu ovaova. Ndinagwira mtima n'kuyamba kulondolera Khama monga ndinalondolera achimwene.

"A Lekisoni, wongolani chomwecho. Onjezani moto. Kumanja pang'ono."

"Tikubwera, mayi. Nkhungu zachuluka koma dzuwa likadalipo, tiwaona."

"Mwatsala pang'ono. Chepetsani, mungawagunde. Ali kutsogolo kwanu komweko."

"Sitikuwaona."

"Yang'anitsitsani! Pitani patsogolo pang'ono. Pang'ononso."

Kadontho ka Khama kanasendera, kanakhudza ka Tiyese, kenako kanakwera pamwamba pake mpaka tiwiri tija tinaoneka ngati kamodzi.

"Imani! Mwafika, muli pomwepo. Muli pomwepo ndithu, a Lekisoni. Aitaneni!"

Ndinamva injini ya Khama ikuzima. Ndinamva amuna aja akuitana dzina la achimwene mbali zonse, wina mpaka mawu kusasa. Kenako Lekisoni anatenga ovaova. Kudzitama konse kunali kutamuthera.

"Mayi," anatero, "pano pali madzi okhaokha."